Ndinachotsa Misomali Osawauza Aphunzitsi

Inu owerenga, pali munthu amene anatengedwa chifukwa cha ine, ndipo tsiku limene ankamutenga ndinali pomwepo, koma sindinanene zoona. Ndalemba izi kuti wina asadzachite zomwe ndinachita.

Ndinali sitandade 8 pa sukulu ina kufupi ndi Vinthukutu. Ndinali wamanyazi, Chichewa changa chopotoka, choncho m'kalasi sindinkayankhula. A Chimwala, mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Dedza, ndiwo okha amene ankandiyamikira. Anandipatsa ntchito yosamala zipangizo zawo, ndipo ndinkafunitsitsa kuti asadzakhumudwe nane.

Chaka chimenecho tinamva kuti akuluakulu a chipani abwera kudzayendera sukulu. A Chimwala anakonza zodzawaonetsa momwe magetsi amatulutsira m'madzi mpweya woyaka wotchedwa haidirojeni. Anabwereka batire ya thirakitala ku sikimu ya mpunga ku Hara. Mawaya ake awiri ankawamangirira ku misomali iwiri, n'kuiviika m'beseni la madzi a mchere, n'kuvundikirapo botolo limodzi. Mpweya ukadzaza, ankayandikiza machesi kukamwa kwa botolo, ndipo kankangomveka kaphokoso kakang'ono.

Vuto linali dzimbiri. Msomali umodzi unkadyeka msanga, madzi n'kusanduka matope.

"Alendo adzati tikuwaonetsa chithaphwi," anadandaula tsiku lina. Anati m'mabuku amatchula chitsulo chosachita dzimbiri, koma ndi chodula ngati golide, kwathu kuno sichingapezeke.

Mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Kunyumba ndinaswa ndi mwala mabatire akutha a wailesi ya bambo anga, n'kutulutsa timakala takuda ta pakati paja. Ndinativiika m'madzi a mchere masiku atatu, dzimbiri osaoneka. Ndinasangalala kuti ndapeza chinthu chaulere choposa misomali. Sindinawauze aphunzitsi. Ndinkafuna adzadabwe, adzanditchule pamaso pa alendo.

M'mawa wa tsikulo iwo anatanganidwa ndi kufoletsa ana oimba nyimbo, ndiye anandisiyira zokonza zonse. Ndinachotsa misomali, ndinamangirira timakala tija. Madzi anakhala oyera, koma thovu linkatuluka mbali zonse ziwiri, pamene kale linkatuluka mbali imodzi. Panalinso fungo lobaya m'mphuno. Zonsezi ndinaziona, ndipo mtima unandiuza kuti pali chasintha, koma ndinaopa kuoneka wopusa.

Alendo atazungulira tebulo, a Chimwala anandinong'oneza: "Iwe, lero madzi ayera bwanji?" Ndinangomwetulira n'kuyang'ana pansi. Iwo ananyamula botolo n'kuyatsa machesi.

Linaphulika ngati mfuti. Galasi linawang'amba a Chimwala dzanja ndi chikope, lina linacheka tsaya la mkulu wa alendo aja. Wina anafuula kuti ndi bomba. Anyamata amene anaperekeza alendo anawagwira a Chimwala magazi akuchucha, ndipo mmodzi anatembenukira kwa ine n'kufunsa amene anakonza zinthuzo. Chichewa chonse chinandithawa.

"Nkhumanya yayi," ndinayankha m'Chitumbuka, kuti sindikudziwa.

A Chimwala anayang'ana m'beseni, anaona timakala tija, kenako anayang'ana ine. "Mwanayu musiyeni," anatero. "Ndakonza ndekha."

Anawakweza m'galimoto masana omwewo. Patapita milungu iwiri akazi awo anamanga katundu n'kubwerera kwawo ndi ana atatu. Ndinawanyamulira mtolo mpaka pamsewu, iwo n'kundithokoza kuti ndine mwana wabwino.

Ku sekondale ndi kumene ndinamvetsa. Msomali wodyeka uja ndiwo unkatiteteza, chifukwa mbali yake siinkatulutsa mpweya. Timakala tanga, posadyeka, tinatulutsa mpweya wachiwiri, ndipo iwiriyo ikasakanikirana m'botolo limodzi imaphulika ikakumana ndi moto. A Chimwala akanadziwa, akanaika mabotolo awiri. Padutsa zaka zisanu tsopano, ndipo sindikudziwa ngati anatuluka kumene anakawatsekera.

Inu owerenga, makamaka anzanga amanyazi, mukapeza chinthu chotchipa cholowa m'malo mwa china, muuzeni mwini ntchito musanachiike, ngakhale chioneke chabwino chotani. Mukaona chachilendo, nenani, olo akusekeni. Ndipo mukalakwa, vomerani nthawi yomweyo, munthu wosalakwa asanakwere galimoto m'malo mwanu. Ine ndinafunsidwa kawiri tsiku limenelo, ndipo palibe amene anadzandifunsanso kachitatu.