Mapulani Atatu a Sitolo ya Mayi Hautala

A Marlys Hautala anagwira ntchito yoyankha lamya mu ofesi ya mgodi wa chitsulo ku Hibbing kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Lamya ikakhala chete, ankaluka. Analuka masokosi, majuzi ndi zipewa, moti ukamayenda m'tauni nyengo ya chisanu unkatha kuwerenga mitu yovala ntchito ya manja awo. Atapuma pa ntchito anakhala pakhomo miyezi inayi yokha. Mwezi wachisanu anauza amuna awo, a Gene, kuti akufuna kutsegula sitolo ya wulu.

"Sitolo? Inuyo?" anatero a Gene. "Si inu munasochera m'sitolo ya eni chaka chatha, mpaka ndinachita kukuitanitsani pa chimkuzamawu?"

"Ija inali yaikulu. Yangayi ikhala ya chipinda chimodzi."

Chipindacho anachipeza pamsewu waukulu, chachitali koma chopapatiza, zenera limodzi kutsogolo. Iwo ankayesa kuti kukonza sitolo n'kukhoma mashelefu n'kuikapo wulu basi. Koma mwana wawo wa ku Minneapolis anati zimenezo n'zachikale, ndipo anawatumizira mnzake, Kendra Voss, amene ntchito yake inali yojambula m'kati mwa masitolo.

Kendra anafika ndi tepi yoyezera, nayenda m'chipindamo akulankhula ngati akuona zinthu zimene ena sakuziona.

"Mayi Hautala, munthu akalowa m'sitolo amakhotera kumanja. Ndiye wulu wokopa maso timuika kumanja."

"Nanga munthuyo akakhala wamanzere?"

"Nayenso amakhotera kumanja."

A Marlys anayesa kukumbukira kumene iwo amakhotera, koma sanakumbuke. Sabata imeneyo, polowa m'sitolo ya mankhwala, anaima pakhomo kudikira kuti aone kumene miyendo iwatengere. Miyendo sinasunthe, mpaka bambo wina kumbuyo kwawo anati, "Mayi, mukulowa kapena mukutuluka? Tauma nako kuzizira kuno."

Kenako inabwera nkhani ya penti. Kendra anayala timakadi tisanu ndi tinayi patebulo n'kuwauza kuti asankhe.

"Tonseti si toyera?"

"Ayi. Aka n'koyera kofunda, aka n'koyera kozizira, aka kali ndi kaimvi pang'ono."

A Marlys anavala magalasi, anawavula, anawavalanso. Pomaliza analoza kamene kanali pafupi ndi chala chawo, ndipo Kendra anawayamikira kuti ali ndi diso.

Chinawazunguza mutu kuposa zonse chinali pulani. Yoyamba inabwera mu Novembala. Yachiwiri inabwera atadandaula kuti phewa lawo silingafikire mashelefu aatali. Yachitatu inabwera mwini nyumba atanena kuti khomo la kumbuyo lisatsekedwe ndi kanthu. Kendra ankati chilichonse chasuntha, koma kwa a Marlys mapepala atatuwo anali amodzimodzi: mizere, timanambala, ndi timauta tokhota timene anadzamva mochedwa kuti ndi zitseko. Kendra akaloza ndi pensulo n'kufunsa kuti, "Mwaona pamene kauntala yapita?" iwo ankati, "Ee, ndaona." Kunena kuti sakumva kanthu kunkawalemera. Ku mgodi kuja ndi iwo ankafunsidwa chilichonse, ndipo manambala a lamya a anthu mazana awiri anali pamtima pawo. Lero akagome ndi pepala?

Kalipentala, a Arlo Lindqvist, mkulu wogontha khutu limodzi, atabwera kudzapempha pulani, a Marlys anawapatsa imene inali m'chikwama chawo. Patapita masiku anayi kunabwera wamagetsi, Denise Marolt, ndipo a Marlys anam'patsa imene inali m'dirowa ya kukhitchini. Ina inatsala m'galimoto. Mawa lake a Marlys ananyamuka kupita ku Duluth kukasamalira mkulu wawo amene anachitidwa opaleshoni ya bondo, mtima uli m'malo kuti ntchito ili m'manja mwa akatswiri.

Anabwerako patapita masiku khumi, masana, chipale chofewa chikugwa. Atatsegula chitseko anaima kakasi. Kauntala yokongola ya matabwa a paini inali pakona pafupi ndi khomo, mumdima. Nyale zitatu zimene zinayenera kuunikira kauntalayo zinkalendewera pakati pa chipinda, zikuwalira pansi popanda kanthu. Soketi ya makina olipirira inali kukhoma lakutali, kuseri kwa shelefu.

A Arlo ndi Denise anali momwemo, aliyense pepala lake lili m'manja.

"Agogo, kauntala mwaikhoma polakwika," anatero Denise.

"Wati chiyani?"

"Ndati mwaphonya!"

"Ndayamba kukhoma misomali iwe usanabadwe. Taona pepalali. Nyale zakozo zikuunikira mbewa?"

Anayala mapepala awo pakauntala, nawerama, kenako onse awiri anatembenukira kwa a Marlys.

"Mayi Hautala, yeniyeni ndi iti?" anafunsa Denise.

A Marlys anayang'ana ili, nayang'ana ilo.

"Ilipo ina m'galimoto," anatero motsitsa mawu.

A Gene, amene anawaperekeza, anaseka mpaka kutsamira khoma. "Safunsa anadya phula, mayi. Ndipo inu mwadyetsa ndi anzanu omwe."

Kendra anabwera Loweruka. Anayenda m'chipindamo, natulutsa pulani yachitatu, n'kuibwezera m'chikwama. A Marlys anali atakonza mawu ambiri m'njira, koma anatuluka ochepa.

"Mwanawe, ine mapepala akowa sindinamvepo ngakhale mzere umodzi. Chiyambire."

"Nanga bwanji munkati mwaona?"

"Kuona ndinkaona. Kumva ndiye ayi."

Kendra anakhala pa katoni ya wulu, nagwira kumaso. A Marlys anayesa kuti akulira, koma ankaseka, ndipo anati cholakwa china n'chake, chifukwa akanayenera kujambula pansi penipeni, osati papepala. Anatenga tepi yomata, nayamba kulemba mizere pansi. "Apa mpoyenda anthu. Tayendani tione." A Marlys anayenda. "Apa mpoima inu. Taimani." Anaima, koma mutu unali usanakhazikike. Kusuntha kauntala kunali kung'amba matabwa a pansi. Kusuntha nyale kunali kuboolanso siling'i imene anali atangopenta kumene ndi koyera kofunda kaja, kapena kozizira, iwo sankakumbukanso.

Ali mkati mosinkhasinkha, analowa amayi anayi a kagulu kawo koluka ka kutchalitchi, atanyamula khofi ndi mbale ya mikate yotentha, kudzaona kumene mnzawo wafika. Mtsogoleri wawo, a Lois, anamwaza maso kufuna poika mbale. Anaona tebulo la a Arlo lopalira matabwa, nauza anzawo kuti agwire mbali inayo. Analikoka mpaka pansi pa nyale zitatu zija chifukwa mpamene pankaoneka bwino. Anakhala pa makatoni, natulutsa zoluka zawo.

"Koma Marlys, apa ndiye mwaganiza," anatero a Lois. "Kwathu kulibe kuwala kotere. Ndikutha kuona ndi wulu wakuda yemwe."

A Marlys anayang'ana Kendra. Kendra anayang'ana tebulo kwa nthawi, kenako anawerama n'kuyamba kumatula tepi ija.

"Nanga pulani?" anafunsa a Marlys.

"Muike tebulo lalikulu pamenepa ndi mipando isanu ndi umodzi. Pakauntala tigula nyale yoimika. Denise akokera waya m'mbali mwa khoma."

"Imeneyo ndi pulani yachingati?"

"Musaipatse nambala, mayi."

Sitolo inatsegulidwa mu Febuluwale. A Marlys analawirira, nakonza wulu mtundu ndi mtundu, naima kuseri kwa kauntala. Woyamba kufika anali mayi wachitsikana akukankha kangolo ka mwana. Anakankha chitseko, chitseko chinagunda ngodya ya kauntala n'kuima theka. Munthu yekha ankadutsa bwinobwino, n'chifukwa chake palibe anazindikira, koma kangolo kanakana. Mayiyo anayesa cham'mbali, anayesa chafutambuyo, mwana anayamba kulira, ndipo kumbuyo kunali kutaima anthu ena atatu.

A Gene anathamangira kukatenga a Arlo. Mkuluyo anafika ndi sowo, nayang'ana ngodyayo mwachisoni, naidula anthu akuonerera. Utuchi unaulukira pa wulu wofiira amene anali pashelefu yapafupi.

Mayi uja atalowa anatenga mpukutu umodzi wa wulu womwewo, naupemerera utuchi, n'kufunsa ngati ungakwane kachipewa ka mwana wa miyezi isanu ndi itatu. A Marlys anasuzumira kamutu ka mwanayo.

"Umodzi ukwana, utsalanso wa timasokosi," anatero. "Khalani patebulopo, ndikuyambireni mzere woyamba."