Kamphiri ka Amalume

Ndikutsuka botolo la chiponde lero, ndakumbukira amalume. Ndili wamng'ono ku Budiriro, anabwera kuchokera kumapiri a Nyanga, kumene ankanyamulira zikwama anthu ofufuza timphiri, tinjoka ta m'miyala, kuti mtundu wake usathe. Amalumewo anaba kanjoka kamodzi n'kukatsekera m'botolo la chiponde lopanda ndi kabowo komwe.

Pamjigo anaimitsa anthu otunga madzi, botolo lili m'manja, akudzitukumula. "Ife akatswiri timaziteteza njokazi. Wogwira iyi ndi mwamuna weniweni!"

Amayi anatula ndowa n'kugwedeza botololo. Kanjokako kanangogubuduka chagada, kamimba kotuwa m'mwamba. Atatsegula, fungo lowola linatiwomba m'mphuno.

"Achimwene, mwateteza mtembo," anatero amayi, atalavula. "Poti ndinu mwamuna weniweni, nyamulani ndowayi."