Khwangwala Mufiriji

Fungo la nthenga zonyowa ndi mvula limandikumbutsabe Sighthill, dera lina la mumzinda wa Glasgow, kunyumba zosanjikizana zomwe anazigwetsa kale, kumene ndinkakhala awiriwiri ndi amayi. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo chisanu chinali chitangoyamba kutha.

Kusukulu tinkaphunzira za mzungu wandevu uja amene anazungulira dziko pachombo akutola mbalame, zikumbu ndi mafupa, n'kudzalemba kuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono ndipo zonse n'zapachibale. Anzanga anangomvapo za anyani basi, nayamba kundikuwiza popuma. Ine ndinagwira kamzere kena m'buku lakulaibulale: akali mnyamata ku Edinburgh, mkuluyo anaphunzira kusenda ndi kuumika mbalame kwa munthu wakuda amene kale anali kapolo. Kamzereko ndinakawerenga mpaka kukaloweza. Ndinatsimikiza mtima kuti luso limenelo ndiliphunzira, afune asafune.

Tsiku lina ndinapeza khwangwala wakufa pafupi ndi njanji, wathunthu, maso ali psii. Ndinamukulunga m'pepala la buledi n'kumubisa mufiriji, kuseri kwa miyendo ya nkhuku. Anakhalamo masabata awiri, ine ndikumusuzumira m'mawa uliwonse ngati wodwala wanga.

Loweruka lina amayi a mvano anasonkhana kwathu. Mtsogoleri wawo, mayi Nachisale, amene sankatha kukhala pansi m'nyumba ya eni, anatsegula firiji kuti athandize kuphika. Kukuwa kwake kunamveka mpaka pachikepe. Posakhalitsa ndinali pakati pa bwalo la zitenje, manja asanu ndi limodzi ali pamutu panga. Ankati mwana wosunga khwangwala pamodzi ndi ndiwo pali amene akumuphunzitsa, ndipo ndigwade, ndilape, ndimutchule. Koma ine maondo ndinawaumitsa gwa, osagwada. Ndinawayankha m'Chingerezi changa cha ku Glasgow kuti wondiphunzitsayo anamwalira kalekale, ndipo apo ndinangothira mafuta pamoto.

Amayi anga, omwe ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, anabwera kudzaima pambali panga. Kenako anandifunsa chomwe ndinkafuna kuchita ndi mbalameyo. Ndinati ndikufuna kuona mmene inapangidwira mkati, kenako ndiisoke iime ngati yamoyo.

"Amayi," anatero amayi anga potembenukira kwa mayi Nachisale, "ine kuntchito ndimasambitsa maliro a eni, ndi manja omwewa amene ndakupatsirani tiyi. Ngati mwanayu ndi mfiti, yambani ndi ine."

Tiyi sanamalizidwe. Mawa lake tinayala nyuzipepala patebulo, amayi atanyamula lezala, ine thonje ndi waya, buku lili pakati. Khwangwalayo anatuluka wopindika khosi, phiko limodzi lili lendee, ndipo ananunkha mpaka tinamutaya. Komabe tisanamutaye ndinapita naye kusukulu, ndipo ondikuwiza aja anachita kupempha kuti amugwireko.

Ndinayenda modzitukumula mpaka chilimwe, ndikuti ndawagonjetsa ndekha. Sindinadzifunse chifukwa chimene Loweruka amayi ankangokhala pazenera, foni ili chete pamwendo. Azimayi aja sanapondenso kwathu chaka chonsecho, ndipo mu Glasgow yense ndiwo okha amene amayi ankaseka nawo m'Chichewa. Ine ndinkawayankha m'Chingerezi, ndipo sanandidandaulirepo n'kamodzi komwe.