Saulos Wokupiza Galu wa Dona

Saulos anabadwira kwa Makhuwira, m'mphepete mwa dambo, bambo ake ali msodzi wa milamba. Akanakalamba ali m'bwato ngati bambo akewo, koma iye anali munthu wamwayi. Mwayi woyamba unamupeza pa nkhondo ya Ajeremani, pamene boma linamulemekeza pomusenzetsa katundu wa asilikali pa mtengatenga. Anzake ambiri anatsala m'njira. Iye anabwerako akukoka mwendo umodzi, ndipo kupalasa bwato kapena kugwira khasu tsiku lonse kunamukanika.

Mwayi wachiwiri unali waukulu. Kutsidya kwa Shire, cha kwa Katunga, kunali esiteti ya thonje ya mzungu amene anthu ankamutcha Bwana Thukuta, poti dzuwa la kuchigwa kuno linkamusungunula ngati mafuta a nkhumba. Bwanayu anali ndi dona, ndipo dona anali ndi galu waubweya wambiri wochokera kwawo kozizira, dzina lake Jeki. Chilimwe chikafika, galuyo ankangoti lilime lende, kupuma mwawefuwefu. Dona anaona kuti nkhanza zoterezi sizingapitirire. Analamula kuti kudenga la khonde apachike chinsalu chokupizira, ndipo papezeke munthu wokoka chingwe chake. Kapitawo anakumbukira Saulos, poti ntchito yokhala pansi sifuna miyendo iwiri.

Motero Saulos ankakhala kuseri kwa khoma, padzuwa, n'kumakoka chingwe chodutsa pachibowo kuti mphepo izigwera a Jeki. Pamthunzi sankaloledwa, chifukwa dona anamva kuti munthu wakuda akakhala pamthunzi amagona. Dzuwa likapendeka ankawachotsa nkhupakupa ndi kuwapesa. Antchito onse ankati "a Jeki", ndipo sizinali nthabwala. Wophika wina anachotsedwa ntchito atamveka akuti "choka iwe."

Saulos anakwatira Emelia, Msena wa kumunsi kwa mtsinje, mkazi wosawononga mawu. Anabereka mtsikana, Helena, kenako mwana wamwamuna, Kaitano. M'mudzi ankawachitira nsanje. Amuna ena ankapsa msana m'munda wa thonje pa thangata, pomwe Saulos ankapsa atakhala pansi.

Chaka cha 1922 mvula inakana. Mapira anauma asanatulutse ngala. Azimayi ankalowa m'dambo kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, akulimbirana malo ndi ng'ona. Thonje nalo linakanika, ndipo bwana anadula phoso la antchito pakati, kuti aliyense amve nawo chisoni chake. A Jeki nawonso anavutika ndithu. Kutentha kunawachotsera chilakolako, moti mpunga wa nyama ya mbuzi ankangounyambita n'kuusiya. Zotsalazo dona analamula kuti zizikwiriridwa, poti kupatsa munthu chakudya chimene sanachigwirire ntchito n'kumuphunzitsa ulesi. Wokwirira anali Saulos, kapitawo ataima pambali kuti ulesi usalowe m'kamwa.

Mawere a Emelia atauma, Saulos anaganiza nzeru. Masana ena anatenga Helena, anamusambitsa, n'kukagwada naye pamakwerero a khonde. Dona ankamva Chinyanja, chija chophunzira m'buku.

"Dona, a Jeki akusowa mnzawo," anatero Saulos. "Mwanayu amakwawa bwino, kuuwa ndamuphunzitsa, ndipo sasiya chakudya m'mbale. Mumulembe ugalu."

Anagwedeza mwana uja phewa, ndipo Helena anauwa ndi timawu tochepa, poti mphamvu analibe.

Dona anaseka mpaka misozi. Anaitana mwamuna wake, nauza mwanayo kuti auwenso. Bwana Thukuta anapukuta nkhope nati chimene amawakondera anthu a kumtsinje n'chimenechi, kuti ngakhale pa njala nthabwala sizimawathera. Dona analowa m'nyumba, natulukamo ndi riboni yofiira, namumanga Helena kumutu.

"Takhuta, Dona," anatero Saulos.

Umu ndi mmene Asena amathokozera, ndipo kuchigwa kuno aliyense amatero. Koma m'buku la dona mawuwa anali ndi tanthauzo limodzi lokha. Anatembenukira mwamuna wake namuuza kuti wadzimvera yekha, anthuwa akuti akhuta, nkhani za njalazi n'zongokokomeza.

Kaitano anamwalira m'mawa wina, ali kumsana kwa mayi ake. Saulos anapempha kuti akaike mwana, ndipo dona anamuchitira chifundo, anamulola kupita dzuwa likazizira, a Jeki akasiya kuwefuka. Mwanayo anamukulunga m'kachidutswa ka mphasa. Okumba manda ankasinthana khasu pafupipafupi, ndipo dzenje silinapite patali.

Mwezi womwewo a Jeki anadwala m'mimba. Pa esiteti panagwa chipwirikiti. Anawagoneka m'machila, ulendo wa kwa dokotala ku boma, ndipo amuna analimbirana kunyamula chifukwa onyamula ankapatsidwa chakudya cha paulendo. Saulos ankatsimphina pambali ndi chikupizo cha mlaza. Dokotala anachita zimene akanatha. A Jeki anatsirizikira m'njira pobwerera.

Maliro ake anali osaiwalika. Mmisiri anakhoma bokosi la matabwa opala, m'kati anayalamo nsalu yoyera yokwanira kuveka banja lonse, ndipo antchito anawandandika pamzere pansi pa mtengo wa mtondo, maso onse ali pansaluyo. Bokosi likutsika, Saulos anayamba kulira. Analira kwenikweni, mokuwa, mpaka kugubuduzika m'fumbi. Ena ankati akulira Kaitano, ena ankati akulira ntchito. Dona anakhudzidwa mtima, nati chikhalireni sanaonepo wantchito wokhulupirika chotere. Anamupatsa lamba wa m'khosi wa malemuwo kuti aziwakumbukira, kenako anamutumizira kapitawo kukamuuza kuti popeza wokupizidwa palibe, wokupiza safunikanso.

Emelia anamutembenuza lamba uja uku ndi uku, namununkhiza.

"Bambo a Helena, uyu tiphike kapena tivale?"

Anasamukira kwa abale a Emelia m'dambo, kumene Saulos anaphunzira kuluka miono yogwirira nsomba. Helena anapulumuka ndi nyika ndi timilamba towamba, ngakhale anakula wamfupi.

Chaka chotsatira mbiri inamveka yoti sitima ya pamadzi yatsitsa galu wina, wamkulu kuposa woyamba. Saulos anapempha malo m'bwato la mnansi nawoloka. Anapeza amuna atadzaza pabwalo la esiteti, ena atabwereka malaya. Iye sanade nkhawa, poti ntchitoyo ankaidziwa. Kapitawo analowa kukamunenera, nabwerako ndi yankho la dona: akumukumbukira bwino ndipo akumufunira zabwino, koma waonda kwambiri, galu watsopanoyo angamuope. Ntchito inagwera mlamu wake wa kapitawo, bambo wa masaya ake.

Mlamuyo anali munthu waulemu. Anamuperekeza Saulos mpaka kudooko, namufunsa chinsinsi cha ntchitoyo. Saulos anamulangiza kuti azisinthasintha manja, asamayang'ane m'mbale ya galu, ndipo pokoka chingwe asamaganize za kunyumba, chifukwa mkono umalema msanga.

Saulos analuka miono zaka zina zingapo. Anamwalira nyengo ya madzi osefukira, ndipo maliro ake anawanyamula pabwato kukafuna pouma.