A Makina ndi Maphatikizo a Chifalansa

A Davison Makina anayendetsa galimoto ya katundu zaka khumi ndi zinayi, ulendo wa ku Lubumbashi. Maso atayamba kuchita chidima, anabwerera kwawo kwa Nazombe n'kuyamba kukonza njinga m'mbali mwa msewu. Sukulu analekezera sitandade 6, koma Chifalansa chinkangotuluka ngati madzi. Anachitola m'misika ndi pa zipata za m'malire. Kulemba kokha ndiye ayi.

Tsiku lina kunabwera mayi Fainess Goodman, mphunzitsi watsopano wa Chifalansa pasekondale yapafupi, ndi njinga yoduka tcheni. Podikira, ankayeserera chapansipansi mneni wa phunziro la mawa lake, wotanthauza kumaliza: "Nous fi-NII-ssons. Ils fi-ni-SEN-ti."

A Makina anatukula mutu.

"Pepani aphunzitsi, ndilowerereko. Mukuchikoka pakati ngati Chichewa, muja timati tikumaLIIza. Eni ake amagunda kumapeto."

Anamenya sipanala pafelemu katatu, kachitatuko mwamphamvu. "Fi-ni-SSONS. Winayo ndi kawiri kokha: fi-NISS. Mchira mwaikawo sindinaumvepo kwa munthu."

Mayi Goodman anagwira pakamwa. Ku koleji anawauzadi kuti malembo atatu akumapetowo, "ent", satchulidwa, koma lilime linkangowabwezeretsa, ndipo panalibe wowadzudzula.

"Bambo, mubwere kusukulu mudzawauze ana anga zimenezi."

"Ine? Ndi manja a girizi awa?"

Anakana kawiri. Kachitatu anafika Lachitatu m'mawa, atavala jekete, sipanala ili m'thumba. Aphunzitsi analemba "finissent" pabolodi ndi malembo akuluakulu. Mkuluyo anasendera pafupi, n'kuwerenga ndi chala limodzilimodzi, kenako anaseka mpaka misozi.

"Zaka zonsezi ndimanena mawu amenewa osadziwa kuti kumbuyo kwakwera atatu ongokhala!"

Kuyambira pamenepo anagawana ntchito. Mayi Goodman ankadula mneni m'maphatikizo pabolodi, a Makina ankagogoda padesiki, ana n'kumaomba m'manja motsatira. Wina akakoka pakati, a Makina sankakalipa. Ankangoti, "Bwerera, wakhotera ku Chichewa," kalasi yonse n'kufa nacho chiseko, wolakwayo n'kuyambiranso.

Anachita zimenezi zaka zitatu, ngakhale nthawi ya dzinja njira itaterera. Chaka chatha maso anatheratu, njinga anasiya kukonza. Masiku ano mwana wawo Zelifa ndi amene amawakweza pakaliyala Lachitatu lililonse, n'kukawasiya pakhomo la kalasi, iye n'kupitirira kudimba.