Khola la a Falesi

A Falesi Nampinga sankagwira munthu zala. Kaya ndi popereka moni, kaya ndi powolotsa mwana msewu wa tala pa Njuli, dzanja lawo linkadumpha zala n'kukagwira pamkono, pomwe anthu amavala wotchi. Ankagwira zolimba. Abusa atsopano ankadabwa tsiku loyamba, kenako ankazolowera.

A Overtone, omwe ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi sukulu ya mkombaphala, ankadziwa pomwe zinayambira. Awiriwa anakulira mudzi umodzi, ndipo ankaitanana kuti alamu. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, a Falesi anawoloka mtsinje wodzaza atagwira mng'ono wawo zala. Madzi anamutsomphola. Anakamupeza m'bango tsiku lachitatu. A Falesi sankaikamba nkhaniyi, ndipo a Overtone sankawafunsa.

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu a Falesi analera ana m'chisakasa cha kuseri kwa tchalitchi. Mabuku kunalibe, choko chinkasowa, koma masewera sankalephereka. Omwe ankawakonda kwambiri ankawatcha Khola. Ana ankaima mozungulira, nkhope kunja, misana m'kati, aliyense atagwira mnzake pamkono. Mmodzi ankakhala mbuzi n'kunjuta pakati. Wina ankakhala fisi, n'kumazungulira kunja kufuna mpata. A Falesi akafuula kuti, "Khola!" ana ankayankha kuti, "Tatseka!" Amene fisi wamufikira ankayenera kukuwa kuti, "Ali kwanga!" kuti oyandikana naye amuthinitse ndi mapewa.

Mwana wogwetsedwa ndi fisi sankamukalipira. Ankakalipira wokhala chete.

"Iwe, pakamwapo ukusungira phala? Mnzako ali nawe msana ndi msana. Ukakhala duu adziwa bwanji?"

Pa afisi onse amene anadutsa pabwalo limenelo, a Overtone ankakumbuka Mavuto. Ankagunda ndi mutu, ankakwawira m'miyendo, nthawi zina ankaluma. "Uyu ufisi ndi wobadwa nawo," ankatero a Falesi, uku akumupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje. Mavuto anakula n'kukhala wa kabaza, wa njinga yamoto.

Mu Okutobala wa 2017 kunafika mphekesera ya anamapopa, anthu oti akuyenda m'midzi kupopa anzawo magazi. Palibe amene anamuonapo mmodzi, koma aliyense anali ndi msuweni amene anamuona. Mlendo wonyamula chikwama ankatsatidwa ndi maso mpaka atakhota.

Lachinayi lina, dzuwa lili paliwombo, kwa a Overtone kunaima bambo wa ndevu za imvi, atavala kapusi koyera. Dzina lawo anthu analidziwa pambuyo pake: a Mahmud, ogula mbuzi m'midzi. Anapempha mpweya wa tayala lakumbuyo la njinga yawo.

"Shuga wandivuta, achimwene," anatero. "Ndikhale kaye pamthunzi apo ndidziyeze."

Anakakhala potsamira khoma la tchalitchi. Anatulutsa kamakina m'chikwama, anadzibaya chala, kadontho ka magazi n'kutuluka. Mayi wina wochokera ku mjigo anaona singano ndi thonje lofiira. Anaponya ndowa pansi.

"Namapopa! Namapopa uyu! Wabwerera ana!"

Msika wonse unakhuthukira kumeneko. Woyamba anawamenya ndi njerwa pankhope. A Mahmud anayesa kudzuka, wina anawatchera mwendo. Anawakhwekhwereza pabwalo la ana, pomwe fumbi lake linali losalala ndi timapazi. Anthu anawazungulira, nkhope zonse m'kati. Zibonga, mapazi, miyala. Mnyamata wina anatola tcheni cha njinga pamphasa ya a Overtone n'kuyamba kuwakwapula nacho kumsana mpaka malaya anang'ambika. Wina anabwera kudzatenga tayala lakutha la njinga yamoto lomwe linali pamtengo.

A Overtone anaimirira, pampu ili m'manja. Ankadziwa chomwe chinali m'chikwama chija. Anatsegula pakamwa, anayang'ana nkhope zija, natsekanso.

Tayala linalowa m'khosi mwa a Mahmud. Diso lawo lakumanzere linali litaphulika. Ankatchula dzina la Mulungu chapansipansi, magazi akutuluka m'kamwa. Gulu linapatuka kuti adutse wa petulo. Anali Mavuto, botolo lili m'manja.

A Falesi anali atalowetsa ana m'tchalitchi n'kukhoma chitseko. Anatulukira m'gulumo opanda mpango kumutu. Sanapite kwa a Mahmud. Anapita kwa Mavuto n'kumugwira pamkono, dzanja lomwe linali ndi botolo.

"Madamu, chokani."

"Sindichoka."

"Mupsa, Madamu! Ndikunena!"

Anayesa kudzitsomphola. Petulo anakhavukira pachitenje chawo ndi pathalauza lake, botolo n'kugwa pansi. Dzanja la a Falesi silinasunthe.

"Tipsa tonse ndiye. Ndakugwira kuyambira uli wamamina, lero ndi pomwe upulumuke? Tembenuka. Lero sindiwe fisi."

Anamukokera pafupi ndi munthu wogona pansiyo, n'kutembenukira gulu. Anayang'ana nkhope imodziimodzi. Theka la anthuwo anadyapo phala lawo. Anakoka mpweya.

"Khola!"

Anthu ena anaseka. Koma cha kumbuyo, Tracy wogulitsa tomato anayankha asanaganize, ndi mawu aang'ono ngati a mwana. "Tatseka."

"Sindinamve! Tracy, ndiwe? Bwera kuno. Lloyd, taya mwalawo, manyazi ulibe? Aubrey, ndakuona, usabisale kumbuyo kwa mkazi wako. Khola!"

"Tatseka!"

Anabwera asanu, kenako atatu ena, akuyang'ana pansi. Anagwirana pamikono, nkhope kunja. Mpata unatsala umodzi, mbali ya kumsewu. A Falesi anayang'ana kumtengo wa mango.

"Alamu, mukudikira kalata?"

A Overtone anaika pampu pansi. Anawoloka bwalo n'kutseka mpatawo, Tracy kumanja, Aubrey kumanzere.

Gulu silinabwerere. Munali anthu ambiri a kutali, obwera kumsika, omwe sankawadziwa a Falesi. "Akuwabisa! Ndi amodzi amenewa!" Miyala inayambanso. Umodzi unaphwanya Aubrey mlomo. Tcheni chija chinamenya Lloyd m'manja, koma sanataye mnzake. Aliyense amene ankamukankha ankakuwa, anzake n'kumuthinitsa, khola n'kumagwedezeka osagumuka.

Kenako pamaso pa a Overtone panaima chimunthu chamachesi m'manja. Chinali chitatulutsa kale kamtengo. Kumbuyo kwawo kunali tayala, petulo pafumbi, ndi chitenje chonyowa cha a Falesi. Anthu a mbali inayo sankaona kanthu.

"Ali kwanga!"

Mawuwo anawatuluka mokweza mpaka kukhosi kunawawa. Khola lonse linapendekera mbali yawo. Tracy anamenya dzanja la munthuyo ndi bondo, machesi n'kumwazika. Aubrey anamugunda ndi mutu pachifuwa. Ndipo a Overtone, poti pakamwa panali patatseguka, sanalekenso.

"Ndi wa shuga munthuyu! Wandiuza ine! Njinga yake iyo, ndapopa ndine! Kamakinako n'koyezera shuga, funsani kuchipatala! Ine Overtone ndinayamba ndakunamizanipo?"

Ena anamva n'kutsitsa manja. Ena sanamve. Chidutswa cha njerwa chinachokera kumbuyo kwa gulu n'kuwapeza a Falesi pamwamba pa khutu. Chinalira ngati mphika wosweka. Mawondo awo anapindika. Sanagwe, chifukwa Mavuto mbali iyi ndi Lloyd mbali inayo anawanyamula ndi mikono yomweyo. Magazi anatsika m'khosi n'kulowa m'bulauzi.

"Mwapha Madamu!" anakuwa Mavuto, akulira poyera. "Agalu inu, mwapha Madamu!"

"Usataye," anatero a Falesi. "Ukataya ndikumenya."

Anaima choncho mpaka galimoto ya apolisi inafika, gulu n'kubalalikira m'minda. Khola litamasuka, mikono ya onse inali ndi zidindo za zala. A Overtone anachotsa tayala lawo m'khosi mwa a Mahmud. Munthuyo ankapuma.

Anawagoneka awiriwo kumbuyo kwa galimoto, moyandikana. A Mahmud anadzachira. Anabwera mvula itagwa kudzatenga njinga yawo, ali ndi diso limodzi, ndipo anakaima nthawi yaitali pabwalo lija. A Falesi sanabwereko. Anamwalira kuchipatala Lamlungu lotsatira.

Koma tsiku lija, galimoto isananyamuke, a Overtone anaima pambali pake atagwira chitsulo. Maso a a Falesi anali otseka, milomo ikuyenda. Anawerama kuti amve.

"Mbuzi ili kuti?"

"Ili m'kati, alamu. Ili pambali panupo."

A Mahmud anali atatambasula dzanja, akufufuza pogwira. Zala zawo zinakhudza zala za a Falesi. Dzanja la a Falesi linazikankha pang'ono, linakwawa m'mwamba, n'kugwira pamkono. Galimoto inaguguda pokwera tala, ndipo mpaka pomwe a Overtone anasiyira kuona, linali lisanataye.