Belu Silinalire, Nkhuku Zikufewa

Lachinayi lapitali ndinatsala pang'ono kudyetsa anthu a ku Libuyu nkhuku zowola pa ukwati. Ine ndemwe, munthu wovala tayi.

Kubutchala komwe ndimagwira ukalaliki kuli chipinda choziziritsira nyama, ndipo muofesi muli kompyuta. Pulogalamu ina imayenda osapuma, mphindi iliyonse kulemba mzere wonena mmene chipindacho chazizirira. Ntchito yoyang'ana manambalawo inali yanga, ndipo kunena zoona inkandiwodzeretsa. Ndiye ba Mweemba, mnzathu wodziwa makompyuta, anandilembera kapulogalamu kena kakang'ono. Kameneka kamawerenga mzere uliwonse ukangotuluka, nambala ikakwera n'kuliza belu. Ndinasangalala ngati andikweza pantchito.

Tsono ba Namakau, mayi wogulitsa zitenje, anasungitsa kwathu nkhuku za ukwati wa mwana wawo, womwe unali Loweruka. Lachinayi masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, anatulukira.

"Ba kalaliki, nkhuku zanga zili bwanji?"

"Zili chabe bwino, ba mayo. Belu siinalile," ndinayankha maso ali panyuzipepala.

"Belu ni belu. Ine nifuna kuzigwila na manja."

Ndinanyamuka monyinyirika. Titatsegula chitseko, m'malo mwa chisanu unatilandira mpweya wofunda. Nkhuku zapamwamba zinali zitayamba kufewa. Ba Namakau anandiyang'anitsitsa, ine thukuta lili kamukamu.

Chinachitika n'chiyani? M'mawa magetsi anathima kwa kanthawi. Kompyuta sinazime poti ili ndi batire lake, koma makina oziziritsa sanadzukenso, ndipo pulogalamu yaikulu ija inangouma, osalembanso mzere. Kapulogalamu kanga kanali maso ndithu, kudikira nambala yoipa. Popeza sikunabwere nambala iliyonse, kanangokhala phee. Ine n'kumati zinthu zili bwino.

Tinathamangitsira nkhukuzo kumafiliji a anzathu m'tauni, ine tayi ili paphewa, ndipo zonse zinapulumuka. Loweruka ku ukwatiko ndinadya ntchafu ziwiri, ba Namakau akundiloza kwa mlendo aliyense: "Aba ndiye ba belu!"

Ba Mweemba anaseka mpaka misozi. "Tinakauza kumvela vamene vikambiwa," anatero, "koma sitinakauze vochita ngati okamba asiya kukamba." Anakakonza. Tsopano pakadutsa mphindi zisanu popanda mzere watsopano, belu limalira.

Inu mukundiseka, sekani. Koma kodi si mmene timakhalira ndi abale athu?

Mbale akasiya kulemba makalata timati, "Kukanakhala vuto tikanamva." Timadikira telegalamu, kapena munthu wotsika basi ndi nkhope yakugwa. Chonsecho tikudziwa kuti wolemba kawirikawiri ndi amene zikumuyendera, wofuna timve kuti wagula wailesi yatsopano. Amene wachotsedwa ntchito, amene wadwala, amene banja lamuvuta, ameneyo manyazi amamugwira dzanja. Salemba zoipa. Amangosiya kulemba, ife n'kumawerenga nyuzipepala.

Mlongo wanga wa ku Kabwe ankandilembera mwezi ndi mwezi, masamba atatuatatu, miseche yokhayokha. Kalata yake yomaliza inafika mvula isanathe. Mkazi wanga akandifunsa za iye, yankho langa lakhala lomwe lija ndinapatsa ba Namakau.

Dzulo ndagula tikiti ya sitima. Ndikufuna ndikamugwire ndi manja.

Nanga inu, wanu amene wangoti zii ndi ndani?